Mayunitsi Asanu Akupita Kuti Ndikatchaja Galimoto Yamagetsi?

Bambo wina wa ku Lilongwe walemba motere: "Chaka chatha ndinaitanitsa galimoto yoyendera magetsi ya Nissan Leaf ya 2018 kuchokera ku Japan, ya batire la 40 kWh. Ndimaitchaja usiku kunyumba ndi chingwe chimene inabwera nacho, chomwe mmisiri wina anachiika pulagi yathu ya mano atatu, ndipo poti soketi ili patali ndi pamene ndimaimika galimoto, ndimalumikizapo ekisitenshoni ya mamita 15. Tsiku lina ndinayenda makilomita 120, dashibodi n'kumaonetsa kuti ndikuyenda makilomita 7 pa kWh imodzi, zomwe ndi mayunitsi pafupifupi 17. Nditaitchaja kuti ibwerere pamene inali m'mawa, zomwe zinatenga maola 6, ndinapeza kutacha kuti pa mita ya ESCOM pachoka mayunitsi 22. Kodi mayunitsi asanu enawo akupita kuti? Kodi mita ikundibera, kapena batire layamba kufa? Ndaonanso kuti pulagi imafunda kwambiri galimoto ikakhala ili mkati motchaja."

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu, makamaka chifukwa mwalembamo manambala, popeza ambiri amangodandaula kuti galimoto ikudya magetsi osanena kuti ikudya angati. Ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi. Pa zimene mwafotokozazi palibe chosonyeza kuti mita yanu ili ndi vuto, ndipo palibenso chosonyeza kuti batire layamba kufa. Galimoto iliyonse yamagetsi, ngakhale yotuluka kufakitale dzulo, imakoka magetsi ambiri pa soketi kuposa amene amakhazikika m'batire, ndipo kusiyana kwa maperesenti 10 mpaka 20 potchajira m'nyumba n'kwa masiku onse. Komabe m'kalata yanu muli zinthu ziwiri zimene zandidetsa nkhawa kuposa mayunitsi asanuwo, zomwe ndi maola 6 aja ndi pulagi yofundayo, ndipo ndizibwerera tikamaliza kuwerengera mayunitsi.

Masamu anu mwawachita bwino, chifukwa yuniti imodzi imene timagula ndi kWh imodzi, kutanthauza magetsi amene chipangizo cha mawati 1,000 chimadya pa ola limodzi, ndipo 120 kugawa ndi 7 ndi 17 ndi kadontho. Vuto n'lakuti manambala awiri amene mukuyerekezawo sakuyezedwa pamalo amodzi. Mita imawerenga magetsi pamene akulowa m'nyumba, pomwe dashibodi imawerenga mphamvu pamene ikutuluka m'batire kupita ku mota. Pakati pa malo awiriwa pali mawaya a nyumba, ekisitenshoni, chingwe, tchaja ya mkati mwa galimoto ndi batire lenilenilo, ndipo chilichonse chimatapako pang'ono. Mukapita kuchigayo ndi ndowa ya chimanga n'kukonoletsa, ufa woyera umene mumabwerera nawo sulemera ngati chimanga chija, ndipo palibe amene amati wachigayo waba, chifukwa tonse timadziwa kuti madeya achokapo. Kungoti madeya a chimanga timadyetsa nkhuku, pamene madeya a magetsi ndi kutentha kumene kumangomwazika mumpweya wa m'galaja.

Tisanafike ku galimotoyo, tichotse kaye gawo la nyumba. Mita sidziwa kusiyanitsa galimoto ndi firiji, choncho ngati munawerenga madzulo n'kudzawerenganso kutacha, m'mayunitsi 22 aja muli firiji, mababu a panja, rauta ya intaneti, mafoni ndi china chilichonse chimene chinagona chili choyaka. M'nyumba wamba zimenezi zimadya yuniti imodzi kapena awiri pa usiku umodzi, ndipo ngati giza inayaka m'bandakucha, theka la ola lokha limakwanira kudya yuniti yathunthu. Tiyerekeze kuti nyumba inadya yuniti imodzi ndi theka. Galimoto ndiye kuti inakoka mayunitsi 20 ndi theka kuti ibwezeretse 17, ndipo otayika ndi atatu ndi theka, omwe ndi maperesenti pafupifupi 17. Nambala imeneyi ndimaiona kawirikawiri kwa anthu otchajira pa soketi. Tikumbukirenso kuti nambala ya padashibodi ndi yongoyerekeza ya kompyuta ya galimoto, moti ikhoza kuphonya pang'ono mbali iyi kapena iyo.

Gawo lalikulu la mayunitsi otsalawo limathera mu tchaja. Chingwe chokhala ndi kabokosi pakati chija, chimene ambiri timachitcha tchaja, kwenikweni si tchaja ayi. Kabokosiko ndi mlonda chabe, amene amaona ngati waya wa earth (woteteza, wothawitsira magetsi m'nthaka) alipo, n'kuuza galimoto kuchuluka kwa maampu (muyezo wa magetsi oyenda mu waya) amene ingakoke, kenako n'kutsegula njira. Tchaja yeniyeni ili mkati mwa galimoto, ndipo mu Leaf yanu ili pansi pa boneti, pamwamba pa mota. Ntchito yake ndi kutenga magetsi a AC a mavoliti 230, amene amasinthasintha kolowera maulendo 50 pa sekondi, n'kuwasandutsa a DC oyenda njira imodzi, kenako n'kuwakweza kufika pakati pa mavoliti 350 ndi 400, chifukwa batire silingalandire a mtundu wina. Kusandutsako kumachitika ndi tizipangizo timene timayaka ndi kuzima maulendo masauzande ambiri pa sekondi, ndipo kuyaka ndi kuzima kulikonse kumasiya kakutentha. Ndi chimodzimodzi ndi tchaja ya foni imene imafunda ikakhala pakhoma, kungoti ya galimoto imanyamula mphamvu yochuluka maulendo mazana angapo, moti imachita kuziziritsidwa ndi madzi. Matchaja ambiri a m'galimoto amapititsa pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a magetsi amene alandira, choncho pa mayunitsi 20 anuwo, pafupifupi awiri anathera pamenepa. Izi simungazikonze ndipo si kuwonongeka, ndi mmene chipangizocho chinapangidwira.

Gawo lachiwiri ndi limene anthu ambiri saliganizira. Galimoto ikamatchaja imaoneka ngati yagona, koma mkatimo ili maso. Kompyuta yoyang'anira batire imakhala ikuyeza magulu onse 96 a maselo (timabatire ting'onoting'ono ta mkati mwake) olumikizidwa mondondozana, masiwichi akuluakulu olumikiza batire amakhala atagwidwa ndi magetsi kuti asatseguke, pampu yoyendetsa madzi oziziritsa tchaja imakhala ikuzungulira, ndipo batire laling'ono la mavoliti 12 nalonso limakhala likudzazidwa. Mukaima pafupi usiku kuli zii mudzamva kaphokoso ka pampuyo. Zonsezi pamodzi zimadya mawati pakati pa 100 ndi 300 malinga ndi mtundu wa galimoto, ndipo zimadya chimodzimodzi kaya mukutchaja mofulumira kapena mwapang'onopang'ono. Zimandikumbutsa minibasi yoima pa siteji injini ikulira podikira kuti idzaze: mafuta amapita molingana ndi nthawi imene yaima, osati ndi kuchuluka kwa okwera. Tikatenga mawati 200 pa maola 6, yapita yuniti imodzi ndi kachidutswa. Mukanatchaja magetsi omwewo pa maola atatu, gawoli likanatsika ndi theka, ndipo mukanawakoka pa maola 12 likanawirikiza.

Apa ndi pamene ambiri amadabwa, chifukwa timaganiza kuti kutchaja pang'onopang'ono ndiko kusunga magetsi. Mu 2022 bungwe la oyendetsa galimoto la ku Germany lotchedwa ADAC linayeza galimoto zinayi, kuyerekeza soketi wamba ya 2.3 kW (mawati 2,300) ndi tchaja yomangirira pakhoma ya 11 kW. Fiat 500e inataya maperesenti pafupifupi 13 pa soketi koma 6 okha pa ya pakhoma, Volkswagen ID.3 inataya pafupifupi 14 ndi 9, Tesla Model 3 pafupifupi 15 ndi 8, ndipo Renault Zoe inataya pafupifupi 24 pa soketi ndi 10 pa ya pakhoma. Zoe imachita kuonjeza chifukwa tchaja yake imabwereka mawaya a mota ndipo inapangidwira mphamvu zazikulu, moti ikapatsidwa zochepa siyenda bwino. Chimene ndikufuna muone pa manambalawa n'chakuti maperesenti 17 anu ali pakati pa anzawo, ndipo galimoto zimenezo zinali zatsopano, zotchajidwa pa mawaya abwino.

Musatenge zimenezi ngati chilolezo chokakamiza soketi kunyamula katundu wambiri, chifukwa tsopano tafika pa maola 6 aja. Mayunitsi 20 ndi theka pa maola 6 ndi 3.4 kW, ndipo 3.4 kW pa mavoliti 230 ndi maampu pafupifupi 15. Izi zikugwirizana ndi chingwe cha ku Japan, chimene chinapangidwira soketi yawo ya mavoliti 200 ndi maampu 15. Pulagi yathu ya mano atatu, yomwe ndi yofanana ndi ya ku Britain, imalekezera pa maampu 13, ndipo ngakhale 13 amenewo anawaganizira zinthu ngati ketulo imene imayaka mphindi zochepa n'kuzima, osati katundu wa usiku wonse. N'chifukwa chake zingwe zogulitsidwa ku Britain zotchajira pa soketi wamba zimangokoka maampu 10. Mmisiri amene anasintha pulagi ija anasintha mutu wokha, koma kabokosi kakuuzabe galimoto kuti ikoke 15. Mwina mungafunse kuti nanga fyuzi bwanji siikuduka. Fyuzi ya maampu 13 siduka ikangopitirira pang'ono, imatha kupirira maampu 15 kwa maola ambiri ikutentha, ndipo kutentha kumeneko ndi kumene dzanja lanu likumva.

Waya aliyense amakaniza magetsi pang'ono, ndipo kukanizako kumabala kutentha kumene kumakwera mofulumira kuposa maampu: maampu akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Choncho maampu 15 amatenthetsa waya kuposa kawiri mmene maampu 10 amachitira. Ekisitenshoni yanu ndi ya mamita 15, koma magetsi amapita ndi kubwerera, ndiye kuti amayenda mamita 30. Ngati waya wake ndi wa kopa weniweni wa 1.5 mm², pa maampu 15 amataya mawati pafupifupi 80, omwe pa maola 6 ndi theka la yuniti. Akanakhala wa 2.5 mm² akanataya pafupifupi 50. Koma maekisitenshoni ambiri otsika mtengo a pamsika ali ndi waya woonda wa 0.75 mm², ena ndi aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba, ndipo otere amataya mawati oposa 150. Mukaphatikiza yuniti ndi theka ya nyumba, pafupifupi awiri a tchaja, imodzi ndi kachidutswa ya galimoto kukhala maso ndi theka la ekisitenshoni, mayunitsi asanu anu apezeka onse.

Mwa magawo onsewa, la waya ndi laling'ono kwambiri pa ndalama koma ndi lokhalo limene lingawotche nyumba. Kutentha kwa tchaja kuli ndi madzi okuchotsa, pamene kutentha kwa pulagi kulibe kopita. Choopsa kwambiri si waya wautali, koma malo amodzi pamene chitsulo sichikugwirana bwino ndi chinzake, monga sikulu yomasuka kuseri kwa soketi, dzino la pulagi lochita dzimbiri kapena tizitsulo togwira fyuzi titatopa. Pamalo otere maampu 15 akhoza kuunjika mawati oposa 20 pa kadanga kofanana ndi njere ya chimanga, ndipo imeneyo ndi mphamvu yofanana ndi ya kachitsulo kamene okonza wailesi amasungunulira mtovu. Kutenthako kumafooketsa chitsulo, chitsulo chikafooka chimagwira mosalimba, ndipo chikagwira mosalimba kutentha kumaonjezeka. Pa zaka zimene ndagwira ntchito ya mawaya, mainveta ndi mabatire, ndatsegulapo masoketi ooneka abwinobwino kutsogolo koma kuseri pulasitiki atasungunuka n'kuda bii. Ina ndinaipeza m'galaja momwe munalinso zigubu za penti, ndipo mwini wake ankangodandaula za fungo ngati la nsomba yowola limene sankadziwa kochokera. Fungo limenelo ndi la pulasitiki ya soketi ikamapsa. Ngati ekisitenshoni yanu ndi yokulunga pa gudumu, ndipo mumaigwiritsa ntchito isanatambasulidwe yonse, ngoziyo ndi yaikulu koposa chifukwa mawaya amatenthetsana okhaokha.

Malangizo anga pamenepa ndi osapita m'mbali: lekani kutchaja mwanjira imeneyi kuyambira lero. Pezani chingwe cholembedwa kuti ndi cha mavoliti 230, cha mutu wa Type 1 umene umalowa pa Leaf ya ku Japan, makamaka cha mtundu umene umalola kusankha maampu, ndipo pa soketi wamba musapitirire 10. Mukatero kutchaja kudzatenga maola pafupifupi 9 ndipo maperesenti otayika adzakwera pang'ono chifukwa cha nkhani ya minibasi ija, koma yuniti imodzi yoonjezera ndi mtengo wochepa poyerekeza ndi denga la nyumba. Njira yokhazikika ndi kuitana mmisiri wa magetsi wokhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu, kuti akoke waya wakewake kuchokera pa bolodi la magetsi kufika pamene mumaimika galimoto, wa 2.5 mm² kapena 4 mm² malinga ndi kutalika, wokhala ndi buleka yakeyake ndi RCD (chipangizo chodula magetsi akayamba kuthawira pansi kapena mwa munthu) ya 30 mA yoyenera zotchajira galimoto, n'kumaliza ndi soketi yabuluu ya maampu 16 ya mano ozungulira imene timaiona m'mashopu a ukalipentala ndi owotcherera zitsulo. Ayezenso earth ya nyumba yanu, chifukwa m'nyumba zambiri chitsulo chokhomera pansi chija chinadyeka kalekale. Ndi zimenezi ekisitenshoni idzachoka, ngozi idzachoka, ndipo mudzatchaja mofulumira motaya zochepa.

Za tchaja yomangirira pakhoma ya maampu 32, yomwe imapereka pafupifupi 7 kW, yambani mwadziwa kaye zimene galimoto yanu ingalandire. Ma Leaf ogulitsidwa ku Japan ena ali ndi tchaja ya mkati ya 3 kW, ena ya 6 kW, ndipo ngati yanu ndi ya 3 kW, chipangizo cha pakhomacho sichidzafulumizitsa kanthu ngakhale chitakhala chodula motani. Ngati ndi ya 6 kW phindu lilipo, koma funsani a ESCOM ngati waya wolowa m'nyumba mwanu ungasenze katunduyo pamodzi ndi kukala ndi giza. Kumbukiraninso kuti madzulo, pamene anthu onse akuphika, mavoliti amatsika m'madera ambiri, ndipo popeza galimoto imakoka maampu okhazikika, mphamvu yolowa imachepa n'kutalikitsa nthawi. Leaf ili ndi taima ya kutchaja, choncho itcheni kuti iyambe cha m'ma 10 koloko usiku.

Nanga batire lenilenilo? Potchajira kunyumba limataya zochepa kwambiri. Mphamvu ya 3 kW pa batire la mavoliti 360 ndi maampu 8 kapena 9 okha, ndipo maselo a lithiamu amalandira zoterezi mosavutika, kutaya peresenti imodzi kapena awiri. Zimasintha pa tchaja yothamanga ya DC, imene imalowera pa kabowo kakakulu ka CHAdeMO n'kudumpha tchaja ya mkati ija. Kumeneko maampu amafika 125, ndipo mwa lamulo lomwe lija la kuwirikiza, batire limatentha kwambiri. Galimoto zambiri zatsopano zimaziziritsa batire ndi madzi, zomwe zimadyanso magetsi, koma Leaf yanu ilibe zimenezo, batire lake limangodalira mpweya wodutsa pansi. N'chifukwa chake eni a Leaf ya 2018 ku Ulaya anadandaula kuti akatchaja mothamanga kawiri kapena katatu pa ulendo umodzi, galimoto imachepetsa yokha liwiro la kutchaja podziteteza. Pa matchaja otere kusandutsa AC kukhala DC kumachitikira m'makina a pamalopo, ndipo ambiri amakulipiritsani magetsi amene atuluka kale, moti kutaya kwa makinawo simukuona pa lisiti koma kunalowa mu mtengo.

Pa funso lanu loti kodi batire layamba kufa, dziwani kuti batire lokalamba silidziwika ndi kudya mayunitsi ambiri, limadziwika ndi kulandira ochepa. Lili ngati ndowa imene yaphwanyika mbali n'kuchepa mkati, imadzaza msanga ndi kutha msanga. Kukaniza kwake kumakwera pang'ono ndi ukalamba, koma pa maampu 9 zimenezo siziwoneka pa mita. Ngati mukufuna kudziwa thanzi lake, yang'anani timizere 12 tosonyeza kukula kwa batire m'ndandanda wa padashibodi, ngakhale ndikudziwa kuti ya ku Japan imalankhula Chijapani ndipo imafuna kuleza mtima. Kamzere koyamba kamazima batire likatsala ndi maperesenti pafupifupi 85 a mphamvu yake yoyamba. Amene akufuna nambala yeniyeni amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pafoni ya LeafSpy ndi kachipangizo kolowetsa pa kabowo ka OBD pansi pa chiwongolero, ndipo imaonetsa ngakhale mavoliti a gulu lililonse la maselo. Galimoto ya 2018 kutaya kamzere kamodzi kapena tiwiri si zachilendo.

Nyengo nayo ili ndi gawo lake. Abale athu a ku Britain amataya magetsi m'nyengo yozizira chifukwa galimoto zambiri zimayamba zatenthetsa batire lisanalandire mphamvu, koma kuno ngakhale chisanu cha Juni ku Dedza sichifika potero kawirikawiri. Mdani wathu ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala. Mukafika kuchokera ku Salima masana dzuwa likuswa mtengo, batire limakhala lotentha ndipo limazizira mochedwa chifukwa ndi lolemera makilogalamu pafupifupi 300, choncho ndi bwino kuimika pamthunzi n'kusiya taima iyambe kutchaja usiku. Izi zimateteza moyo wa batire kuposa mmene zimapulumutsira mayunitsi. Ndipo ngati mumatcha kuti choziziritsa mkati chiyake m'mawa galimoto isanazulidwe, magetsi ake amachokera pa soketi, amawerengedwa pa mita, koma salowa m'batire.

Kudzaza mpaka maperesenti 100 tsiku lililonse kumataya pang'ono china. Batire likayandikira kudzaza, galimoto imachepetsa mphamvu yolowa, kompyuta n'kumalinganiza maselo pochotsa pang'ono mwa amene atsogola kuti otsalira awapeze, ndipo nthawi yonseyi pampu ndi makompyuta akudyabe mawati awo. Ngati maulendo anu a tsiku ndi tsiku ndi a m'tauni, kulekezera cha pa 80 ndi kwabwino ku batire ndi ku thumba, n'kumadzaza mpaka pamwamba mwa apo ndi apo kapena pamene muli ndi ulendo wautali.

Popeza mabanja ambiri tsopano ali ndi sola ndi inveta chifukwa cha kuzima kwa magetsi, ndichenjezeretu za kutchaja galimoto usiku kuchokera ku mabatire a nyumba. Mphamvu ya dzuwa ikalowa m'batire la nyumba n'kutulukamo imataya gawo, ikadutsa mu inveta imatayanso, ikafika mu tchaja ya galimoto imatayanso, ndipo kutayaku kumachulukitsana. Ndi mabatire a mtovu amene amabweza pafupifupi magawo 8 mwa 10, inveta yobweza 9 mwa 10 ndi galimoto yosunga maperesenti 85, m'batire la galimoto mumafika pafupifupi magawo 6 okha mwa 10, kwinaku mabatire a nyumba akukalamba msanga ndi katundu amene sanagulidwire. Mabatire a lithiamu amachitako bwino, komabe njira yanzeru ndi kutchaja masana dzuwa lili pamutu, kuti mphamvu ichoke pa mapanelo kudutsa mu inveta kulunjika ku galimoto, pa maampu ochepa amene inveta ingakwanitse.

Kuti nkhawa ya mayunitsi ikhale pa mlingo wake, yerekezani ndi galimoto ya petulo. Lita imodzi ya petulo ili ndi mphamvu pafupifupi 9 kWh, ndipo galimoto yodya malita 7 pa makilomita 100 ikanawotcha malita oposa 8 pa ulendo wanu uja, omwe ndi 75 kWh, magawo atatu mwa anayi n'kuthera ku kutentha kwa injini ndi utsi. Inu munayenda mtunda womwewo ndi mayunitsi 20 ndi theka, zotayika zonse zili momwemo. Chofunika kusintha ndi nambala imene mumapangira bajeti: m'malo mwa makilomita 7 a padashibodi, werengerani pafupifupi makilomita 6 pa yuniti imodzi yogula. Ndi mmenenso amayezera ku Ulaya pa muyezo wa WLTP ndi ku America pa wa EPA, amawerenga magetsi kuchokera pa soketi, n'chifukwa chake manambala a m'mabuku awo amaoneka oipirapo kuposa a padashibodi.

Ngati mukufuna kutsimikiza nokha, werengani mita usiku wina galimoto isanalumikizidwe, kuyambira nthawi yogona mpaka kutacha, kuti mudziwe zimene nyumba imadya yokha, kenako chotsani nambala imeneyo pa usiku umene mwatchaja. Chabwino koposa, mmisiri akamakoka waya watsopano uja muuzeni aike kamita kakang'ono ka kWh pa waya wa galimoto yokha, kamene sikadula kwenikweni. Musaweruze ndi usiku umodzi. Lembani makilomita ndi mayunitsi kwa mwezi wathunthu, chifukwa maperesenti a padashibodi amasuntha ndi kutentha ndipo tsiku limodzi lokha likhoza kukunamizani.

Mukayeza motero n'kupeza kuti kutaya kukupitirirabe maperesenti 25 pa waya wabwino wopanda ekisitenshoni, pamenepo pitani kwa makaniko wodziwa galimoto zamagetsi, ndipo ayambe ndi batire la mavoliti 12, chifukwa likafooka limangomwa magetsi osadzaza ndipo limabweretsa mavuto ambiri osamvetseka mu Leaf. Pitaninso ngati kutchaja kukumaduka kokha pakati pa usiku magetsi asanazime, ngati mafani akulira mwamphamvu kwa nthawi yaitali potchaja pang'onopang'ono, ngati madzi oziziritsa akutsika, kapena ngati timizere ta batire tiwiri tazima m'miyezi yochepa. Mawaya okutidwa ndi mtundu wa lalanje pansi pa boneti ali ndi mavoliti pafupifupi 400 a DC, ndipo inu kapena makaniko wa injini za petulo musawakhudze ngakhale galimoto itazima. Ku mbali ya nyumba, RCD ikamagwa mobwerezabwereza kapena mukamva kunjenjemera pogwira chitsulo cha galimoto ili pa tchaja, zimitsani pa bolodi n'kuitana mmisiri tsiku lomwelo. Soketi imene mwakhala mukugwiritsa ntchito chaka chonsechi iyenera kutsegulidwa ndi kuonedwa kuseri ngakhale mutasiya kutchajirapo, pamodzi ndi masoketi ena amene ali pa waya womwewo, chifukwa maampu 15 aja akhala akudutsa m'malumikizidwe awo usiku uliwonse.